Maliro Anakana Kutera

Sendezani mbaulayo kuno, alamu, moto usathere kwa inu nokha. Mwati kukuzizira? Kamphepo ka Juni ka kuno kwa Bembeke mpaka mwafunda zitenje ziwiri? Mukanapita kumene ndimagwira ntchito ine, bwenzi titakulirani kalekale. Poti magetsi athawa ndipo palibe amene akufuna kuyamba kukalowa m'zofunda zozizirazo, lekani ndikuuzeni chimene chinandionekera. Amene sakhulupirira asanditsutse pakati, adikire ndimalize.

Mukamauza anthu kuti Tiyanjane wathu amayendetsa ndege ku Canada, mumaganiza za nyumba zosanjikizana ndi misewu yowala. Iko kulipo, koma ine sindili kumeneko. Ndili kumpoto kwenikweni, kumene kuli migodi, nyanja zoundana gwa ndi timatauni totayana ngati mbuzi zopanda mbusa. Nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira ngati mkamwini wamanyazi, n'kubwerera. Anthu akamadya nkhomaliro, kunja kumakhala kutayamba kale kuda.

Anthu ake si oipa, koma si ocheza. Munthu umatha sabata osamva wokufunsa kuti wadzuka bwanji n'kudikira yankho. Mmalawi ndinali ndisanakumane naye ndi mmodzi yemwe. Chichewa ndinkayankhula pafoni pokha, ndipo foni ikaduka, nyumba inkangoti zii, kumangomveka firiji. Ndinkasungulumwa, abale, sindibisa. Nthawi zina ndinkayatsa wailesi ya chiyankhulo chimene sindimva, kuti m'nyumba mungomveka munthu.

Tsono chipale chofewa chimene mumachiona pakanema n'kumati n'chokongola, kwa woyendetsa ndege ndi mdani. Mphepo ikachinyamula, kumwamba ndi pansi zimakhala chimodzi, ngati walowetsa mutu m'thumba la ufa. Potera timadalira makina. Pansi pali chida chimene chimatumiza mzere wosaoneka kuchokera kumsewu wa ndege kukwera m'mitambo, ndipo kutsogolo kwathu kuli mivi iwiri, wina woimirira, wina wogona. Ikapingasana pakatikati, ndiye kuti uli pamzere. Umatsetsereka nawo mzerewo usakuona kanthu, mpaka utsale pamtunda wofanana ndi mtengo wautali wa bulugamu. Pamenepo umadzutsa maso. Ukaona magetsi a msewu, umatera. Ukapanda kuwaona, umawonjezera moto n'kubwerera m'mwamba. Palibe za mwina, palibe zoti nditsikeko pang'ono. Amene anayesa zimenezo sanabwere kudzatiuza.

Tsiku limenelo tinkachokera ku katauni ka mgodi kupita kumzinda wa m'mbali mwa mtsinje. Maina ake ndisakuvutitseni nawo, mungadzilume lilime. Ndinali ndi wachiwiri wanga, Marcel, mnyamata wabwino koma wolongolola ngati wailesi yopanda pozimitsira. Kumbuyo kunali Ingrid, mayi wachikulire wosamalira apaulendo, munthu amene anthu oledzera a kumgodi ankamuopa kuposa polisi. Apaulendo anali anthu a kumgodi okhaokha, opita kutchuthi, ndege pafupifupi yodzaza.

Tisananyamuke, wolongedza katundu anandiuza kuti, "Kaputeni, lero muli ndi bokosi. Wamwalira kumgodi." Ndinangogwedeza mutu. Maliro timanyamula kawirikawiri, ndipo kumeneko sayenda ndi operekeza kapena nyimbo. Amalowa ngati katundu wina aliyense, n'kumangidwa ndi malamba. Muyenera kudziwa kuti ndege yathuyo inapangidwa mwachilendo: katundu amakhala kutsogolo, pakati pa chipinda chathu ndi mipando ya anthu. Choncho bokosilo linali kuseri kwa chitseko changa, pafupi ngati pamene pali Alufeyo apo.

Tinanyamuka bwinobwino. Titakwera pamwamba pa mitambo, kunali mdima ndi nyenyezi, ngakhale wotchi inkati akadali masana. Choyamba chimene ndinaona n'chakuti ndege inkakhotera yokha kumanzere, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yapangolo imene yamva fungo la khola. Makina oyendetsa okha ankaibweza, iyo n'kukhoteranso.

"Mphepo imeneyo," anatero Marcel.

Ndinavomera, koma mphepo inkaomba kuchokera mbali imene sikanatikankhira kumeneko.

Kenako kunabwera fungo. M'ndege mumanunkha khofi, mafuta ndi majekete onyowa, basi. Koma ine ndinamva fungo la mvula yoyamba ikagwa pafumbi, lija la mu Novembala, limene limakupangitsa kufuna kunyambita dothi. Linangodutsa n'kuchoka. Ndinamufunsa Marcel ngati wamva kanthu. Ananunkhiza uku ndi uku n'kunena kuti mwina ndi sangweji yake. Ndinaseka, koma mtima unandiwawa ndi kukumbuka kumudzi, ndipo misozi inalengeza.

Titayandikira mzinda, mayi wa pansanja, amene amatiuza za nyengo ndi kutipatsa chilolezo chotera, anati chipale chikugwa kwambiri ndipo mphepo ikuchiulutsa. Anati magalimoto okankha chipale angomaliza kusesa, mabuleki akugwira mwapakatikati, ndipo munthu akutha kuona patali pongokwanira lamulo. Ndege ina inali itangotera patsogolo pathu popanda vuto.

Tinalowa m'mitambo. Madzi oundana anayamba kumatirira kumapiko, tinayatsa zowasungunula. Magetsi athu akutsogolo ankangoonetsa timizere toyera tothamangira kumaso kwathu. Mivi inapingasana bwino pakati. Matayala pansi. Marcel ankawerenga mtunda mokweza, mawu ake atasiya nthabwala. Titafika pamalire paja, pamtunda wa mtengo wa bulugamu uja, ndinadzutsa maso.

Kunalibe kanthu. Kuyera kokhakokha.

"Tibwerere," ndinatero, ndipo ndinakankha zowonjezera moto. Injini zinabangula, tinakwera.

Zimenezo zimachitika, si zochititsa manyazi. Koma mayi wa pansanja anadabwa. Anati, "Mwadutsa pamwamba pathu penipeni, ife magetsi anu tawaona. Inu athu simunawaone? Ali pamphamvu yomaliza."

Tili mkati mozungulira kuti tiyesenso, kunamveka kugogoda pachitseko chathu. Sikunali kugogoda kwa katundu wogubuduzika. Kunali kwa munthu waulemu, kwa chala chimodzi: go, go, go. Marcel anayang'ana pakagalasi koonetsera amene ali kuseri. Munali mdima ndi maukonde a katundu. Anaimbira Ingrid pafoni ya m'ndege. Ingrid anati ali pampando wake kumbuyo kwenikweni, wamanga lamba, ndipo palibe amene waimirira.

"Lamba wina wamasuka, akumenya chitseko," anatero Marcel. Sanandiyang'ane ponena zimenezo.

Pamenepo ndi pamene uthenga woipa unafika. Bwalo lina limene tikanathawirako linali litatsekedwa, namondwe yemweyo atalifikira msanga kuposa mmene ananenera a zanyengo. Kubwerera kumgodi mafuta sakanakwana. Tinawerengera ndi Marcel, tinapeza kuti tingathe kuyesa kawiri kokha. Kupitirira apo, injini zizima zokha, ndipo pansi pake ndi nkhalango ndi miyala. Ndinaganiza za anthu onse aja kumbuyo, ena atagula kale zidole za ana awo.

Tinayambanso kutsetsereka. Ulendo uno mivi inkanjenjemera, wogona uja ukukwera ndi kutsika ngati pali wina akuseweretsa mzere. Ndinaigwira ndege ndi manja, ndikuinyengerera. Marcel maso anali pamivi, monga mwa ntchito yake. Pamalire ndinadzutsa maso, ndipo ndinawaona magetsi, mizere iwiri yachikasu ikutuluka m'kuyera kuja. Mtima unati pansi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti tikutera.

Pakati pa msewu panali munthu.

Ankayenda chotifulatira, osafulumira, kachikwama kali paphewa. Anavala malaya a manja aafupi. Kuzizira kwa tsiku limenelo, munthu wovala choncho safika ngakhale pagalimoto yake. Nkhope sindinaione, ndipo sindikudziwa ngati mapazi ake ankaponda. Ndinangoona kayendedwe. Inu mukudziwa mmene amayendera bambo wa kwathu kuno akatsika basi pasiteji, akulowera njira ya kumudzi. Kayendedwe kameneko.

Ndinakankha moto mwamphamvu mpaka dzanja linandipweteka. Tinadutsa pamwamba pake n'kulowanso m'mitambo.

"Bwanji? Bwanji, Kaputeni? Magetsi anaoneka!" anakuwa Marcel.

"Pali munthu pamsewu."

Mayi wa pansanja anati bwalo lonse ndi lotchingidwa ndi waya, ndipo antchito onse ali m'magalimoto awo. Komabe anatuma mmodzi kuti akaone. Tinazungulira m'mwamba tikudikira, muvi wa mafuta ukutsika tikuuona.

Woyendetsa galimoto uja anabwera pawailesi, mawu ake akumveka ngati munthu amene akuopa kusekedwa. Anati munthu palibe, mapazi palibe. Koma wapeza nthambi za mtengo zitayalidwa mopingasa msewu, mumzere wowongoka, koyambira kwa msewu. Atapita kothera, wapezanso zina.

"Nthambi za paini?" anafunsa mayi wa pansanja.

"Ayi. Zili ndi masamba aatali, osalala, obiriwira. Sanaume n'komwe. Mtengo umenewu sindikuudziwa."

Alamu, tamverani. M'dziko lija nyengo imeneyo simupezeka tsamba ngakhale limodzi. Ndipo ndani mwa ife sadziwa tanthauzo la nthambi zoyalidwa pamsewu uku ndi uku? Wapanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, chifukwa pakati pamenepo pali maliro. Anthu onse amene ankamvetsera wailesi ija, pansanja, m'magalimoto, ndi Marcel pambali panga, ankangoti ndi zinyalala zouluka ndi mphepo. Amene akanatha kuwerenga uthengawo ndinali ine ndekha.

Foni ya m'ndege inalira. Anali Ingrid, ndipo mawu ake sanali a Ingrid amene ndimamudziwa.

"Kaputeni, anthu a mipando yakutsogolo akufuna kusamukira kumbuyo. Akuti kuseri kwa chitseko cha katundu kuli munthu. Ndapita kukamvetsera. Akunena mawu amodzi, mofatsa, n'kudikira, n'kubwerezanso."

"Akuti chiyani?"

"Sindikudziwa chiyankhulo chake. Akuti, odi."

Mawu amenewo kutuluka m'kamwa mwa mzungu wa zaka zake, amene sanapondepo mu Africa! Ndinamuuza kuti afunse ngati alipo amene ankamudziwa womwalirayo. Posakhalitsa pafoni panabwera mdala wina, dzina lake Pavel, wophika kumgodi.

"Ndi Faniwelo ameneyo," anatero. "Faniwelo Chimtengo. Takhala limodzi kukhitchini zaka zambiri. Ankachokera ku Malawi, sindikudziwa ngati munamvapo. Mawu amenewo ankanena nthawi zonse akafika pakhomo la chipinda changa. Sankalowa ndisanayankhe."

Zaka zonse zija ndikutera pa katauni kaja, ndikudya mwina chakudya chophika iye, kunali Mmalawi kuseri kwa khoma, ndipo sitinadziwane.

"Akupita naye kumudzi kwawo?" ndinafunsa.

"Ayi, mayi. Akuluakulu a kumgodi afunafuna abale ake, sanapezeke. Akukamusunga mumzinda muno mpaka nthaka itasungunuka, ndiye a khonsolo adzamuika."

Pamenepo ndinamvetsa. Kwathu kuno maliro sanyamulidwa ngati thumba la fetereza. Wamkulu amakhala pambali pa bokosi n'kumawauza: tanyamuka tsopano, tikuwoloka Shire, tafika pa Balaka, takhota, musadabwe. Mukapanda kutero, galimoto yabwinobwino imazima pamlatho, makaniko n'kuisanthula mpaka kutopa. Tsono bambo awa anawatulutsa m'chipinda chawo, anawakhomera m'bokosi, anawakweza m'mwamba, popanda ndi mmodzi yemwe wowauza kanthu m'chiyankhulo chimene mzimu wawo ungamve. Ndipo kumene ankawapititsa sikunali kwawo. Anakana. Inenso ndikanakana.

Mafuta anali otsala a ulendo umodzi.

"Marcel, gwira ndege. Utsetsereke ndiwe, ine ndiyang'ana kunja. Chilichonse chimene umve, maso pamivi."

"Mukufuna kutani?"

"Ndiyankhule ndi wapaulendo."

Tinakhota n'kulunjika mzere. Ndinachotsa hedifoni khutu limodzi, ndinatembenuzira mutu kuchitseko. Chichewa chinatuluka chokakamira ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa.

"Odini, bambo. Lowani, takumvani."

Kugogoda kunasiya. Fungo la mvula lija linadzaza m'chipinda monse, ndipo ndinamuona Marcel akukweza mphuno, maso ali tong'o.

"Bambo Chimtengo, pepani, mfunda wanu sindikuudziwa, ndikanakutchulani moyenera. Ine ndine Tiyanjane, Nangozo, wa kwa Bembeke ku Dedza. Ndine amene ndakunyamulani. Tinachoka kumgodi masana, tawoloka nyanja youndana ija, tsopano tili pamwamba pa mtsinje waukulu. Tikufuna titsike."

Mivi inakhazikika pang'ono. Tinalowa m'chipale. Marcel anayamba kuwerenga mtunda.

Apa ndikuuzeni zoona, bodza linali pamlomo. Kukanakhala kosavuta kunena kuti, bambo, tafika kwanu, tsikani. Ndani akanandigwira? Koma munthu wakufa sanamizidwa. Wamoyo ukamunamiza mumadzakambirana, nanga wakufa mudzakambirana kuti?

"Bambo, sindikunamizani. Kumene tikutsika kuno si kwanu."

Chitseko chinagunda ngati wachimenya ndi phewa. Mivi yonse iwiri inathawira m'mbali. Ndege inapendekera kumanzere, kwakukulu, ndipo kumbuyo kunamveka anthu akukuwa. Marcel analimbana nayo, akutukwana m'chiyankhulo cha amayi ake.

"Kaputeni, tachoka pamzere! Tibwerere?"

"Tibwerera ndi chiyani? Igwire!"

Ndinayamba kulira, ine kaputeni, yunifolomu ili m'thupi. Sindinalire chifukwa cha mantha okha. Ndinalira chifukwa ndinkadziwa chimene bamboyo ankaopa, poti ndi chomwecho chimene chinkandidzutsa ine usiku: kufera kutali, n'kukwiriridwa ndi anthu olipidwa, popanda woyimba nyimbo ngakhale imodzi.

"Bambo, ndikudziwa. Nanenso ndili ndekha kuno. Koma kumbuyoku kuli ana a eni, sanakulakwireni. Pavel, mnzanu uja, ali momwemu. Tiloleni titsike. Ine ndidzakufikitsani kwanu. Ndalonjeza ine, Nangozo. Sindikusiyani kuno."

Kunangoti zii. Ngakhale injini zinamveka ngati zili kutali. Ndege inadziwongola yokha, mofatsa, ndipo mivi inabwerera pakati n'kuima ngati yojambula. Marcel anatchula malire. Ndinadzutsa maso.

Magetsi anali pomwepo, owala, mizere yake yowongoka, ndipo msewu unali wopanda munthu. Matayala anagunda pansi. Tinatsetsereka pang'ono pamadzi oundana, mabuleki anagwira, tinaima. Kumbuyo anthu anaomba m'manja. Marcel anatsamira pachiwongolero, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sanandifunsepo kuti ndinkayankhula ndi ndani.

Anthu atatsika, ndinatsatira bokosi kunyumba yosungira katundu. Analiika pakona, pakati pa matayala ndi makatoni a nsomba. Ndinapempha mpando n'kukhala pambali pake. Mlonda ankandisuzumira n'kumapukusa mutu. Ndinayimba nyimbo za pamaliro zimene ndinkakumbuka, ndekha, wopanda wondipolokozera, ndipo pamene mawu ndinaiwala ndinkangong'ung'udza. Imeneyo ndiyo inali siwa ya Bambo Chimtengo.

Pavel anabwera kudzatsanzika mnzake. Ndinamufunsa dzina la mudzi. Anaganiza, anaganiza, n'kupukusa mutu. Anati Faniwelo ankalitchula, koma linali lovuta kugwira. Chimene ankakumbuka n'chakuti kuseri kwa nyumba ya amayi ake kunali phiri la nsonga ziwiri, ndipo kutsogolo kunali mtsinje umene umauma chilimwe, ana n'kumakumba mumchenga kufuna madzi. Anachoka ali mnyamata, anadzera ku Joni, kenako pasitima zapamadzi, mpaka anakathera kumeneko.

Phiri la nsonga ziwiri ndi mtsinje wouma chilimwe. Alufeyo, iwe wayenda ndi malole dziko lonseli, tandiuza, ndi midzi ingati yotero? Pangano linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo ine ndinapangana ndisanafunse njira.

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndinaimba mafoni ku maofesi, ndinalengezetsa pawailesi kuno, ndinaika chithunzi cha Bambo Chimtengo m'magulu onse a pafoni amene ndinawapeza. A Chimtengo anapezeka ambiri, koma palibe amene anataya Faniwelo. Ena ankangofunsa ngati wasiya chuma. Popanda wachibale, malamulo a kumeneko sanandilole kutenga thupi. Chipale chitasungunuka, a khonsolo anawaika kumanda a anthu opanda abale. Tinalipo atatu: ine, m'busa wobwereka, ndi woyendetsa thalakitala yokumba.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma ulendo wanga wotsatira, titangoyamba kutsika, ndinamva chala chimodzi pachitseko, mofatsa. M'ndege munalibe bokosi. Kuyambira tsiku limenelo, bwalo lililonse limene ndikutera, kaya kuli chipale kaya kuli dzuwa, ndimachotsa hedifoni khutu limodzi n'kunena dzina la malowo, kenako n'kuwonjezera kuti, sitinafike, bambo. Akamva, amandilola. Savuta, ndi munthu woleza. Sanandiopsezeponso. Amangodikira, ndipo kudikira kwawoko ndi kumene kumandilemera. Achinyamata amene ndimayenda nawo amati kaputeni amapemphera asanatere, ine ndimangowasiya.

Mwezi uno pobwera kutchuthi ndinali ndi chiyembekezo. Ndege itatsika pansi pa mitambo, ndinaona dothi lofiira, minda ya chimanga chouma ndi utsi wa m'midzi. Ndinanong'ona pawindo kuti, bambo, uyu ndi Malawi, tafika. Ndinadikira kuti mwina ndimva kupepuka. Koma inu mukudziwa, munthu kwawo si dziko. Kwawo ndi pakhomo pamene angati odi, wina n'kumuzindikira mawu.

Ndiye musadabwe kuti tchuthi chonsechi sindikukhazikika. Ku Mayani ndapita, ku Kasumbu ndapita, ku Ntcheu ndazungulira mpaka tayala kuphulika. Ndikangoona phiri la nsonga ziwiri ndimaimitsa galimoto, ndimatsika, n'kufunsa okalamba ngati kunali mnyamata dzina lake Faniwelo amene anapita ku Joni osabwerera. Amayi ena kwa Kachindamoto analira, ndinayesa ndapeza, koma wawo anali Fanizo. Masiku anga atsala ochepa, ndipo ndikabwerera opanda yankho, ndiye kuti chaka china chathunthu cha chipale tili awiri.

Nkhani yanga ndi imeneyo. Sindinakuuzeni kuti muchite mantha, ndakuuzani kuti mundithandize kufunsa. Alamu, mufunse kwanu. Alufeyo, ufunse anzako a malole. Wina ayenera kuti akukumbuka.

Bwanji mwangoti duu, maso kuchitseko? Mwamva eti? Usadzuke, Alufeyo, si mlendo wako ameneyo. Ndiyankha ndine.

Odini, bambo. Kuno ndi kwa Bembeke, kwathu kwa ine. Si kwanu. Pepani, sitinafike. Khalani pafupi ndi moto, mawa tilawirira ku Ntchisi.